Phunziro: Kukonza Bwalo Limene Abakha Alilimbitsa

Ana inu, bakha ndi wopepuka, koma amatha kuwononga nthaka ya pakhomo msanga kuposa mbuzi. Taonani phazi lake: ndi lophwathalala, lokhala ndi chikopa pakati pa zala. Akamaponda ponyowa, phazilo limasalaza dothi monga amachitira mmisiri popaka pulasitala. Kenaka amazika mlomo m'thope kusaka nyongolotsi, n'kuzula udzu ndi mizu yomwe. Zitosi zake, zomwe n'zamadzimadzi, zimadzamata pamwamba.

Nthaka yabwino, pafupifupi theka lake ndi timipata todutsa mpweya ndi madzi. Timipatati tikatsekeka, mvula ya mu Januwale imangodikha pabwalo, fungo limabuka, ndipo m'zithaphwimo mumaswana udzudzu wa malungo.

Kuti mudziwe kukula kwa vuto, kumbani dzenje lakuya masentimita 30, mudzazemo madzi. Akaphwa, dzazaninso. Mukapeza madzi achiwiriwa adakalimo m'mawa mwake, nthakayo yatseka.

Apa anthu ambiri amathamangira khasu. Ine ndikuti yambirani pa beseni lomwera, chifukwa thope lonse limabadwira pamenepo. Bakha safuna dziwe kuti akhale wathanzi. Amangofuna madzi oti aviikemo mutu wonse, atsuke mphuno ndi maso. Choncho sankhani malo amodzi kumunsi kwa bwalo, mukumbe dzenje, mulidzaze ndi timiyala, beseni likhale pamwamba pake. Madzi otayika adzilowa m'miyalamo, otsala muwatsogoze ndi kangalande kupita ku phata la nthochi, pakuti nthochi imakonda chinyezi ndi manyowa otere. Musawathire pa ndiwo zamasamba, makamaka zodyedwa zosaphika, chifukwa zitosi zimanyamula tizilombo totsegula m'mimba.

Mukatero, gawani bwalo pawiri ndi mpanda wa bango. Mbali imodzi ipume kwa abakha. Popanda mpandawu, zonse mungachite n'kutaya thukuta pachabe.

Kumbali yopumayo musakumbe dothi lili chinyowere. Tapani pang'ono, mufinye m'manja. Likamata n'kumanyezimira, dikirani. Likamayoyoka mukalikhudza ndi chala, nthawi yakwana. Zikani foloko yolimira mozama, muigwedeze uku ndi uku kuti nthaka ing'ambike, koma osaitembenuza. Ena amathira mchenga pa dothi la makande poganiza kuti lifewa. Mchenga wochepa sulifewetsa, nthawi zina umalilimbitsa kumene. Chofunika ndi manyowa owolerana bwino, okhuthala masentimita asanu, ndipo pamwamba pake muphimbe ndi makoko a mtedza, mankhusu a mpunga kapena udzu wouma.

Ntchito yotsala isiyireni mizu. Nandolo ali ndi muzu wautali umene umaboola nthaka yolimba, ndipo ukadzawola umasiya njira ya madzi. Pansi dzalanipo kapinga, udzu wopirira kupondedwa. Nyongolotsi zidzabwerera zokha zikapeza chakudya ndi mthunzi.

Kumbali kumene kuli abakha yalani udzu wouma wambiri. Ukadetsedwa, uwoleni mukauunjike pa mulu wa kompositi, muyalenso wina.

Musatsegule mpanda kapinga asanayange, ngakhale padutse dzinja lathunthu. Loweruka lino aliyense akakumbe dzenje la masentimita 30 lija kwawo, ndipo Lolemba mudzandiuze maola amene madzi anatenga kuti aphwe.