Chifukwa Chiyani Maso a Mphaka Wotola Amadwaladwala?

Tiwerenge

M'misika ndi kumadzala otayako zinyalala mumapezeka tiana ta amphaka topanda mwini. Munthu wachifundo akatola kamodzi, kawirikawiri amapeza zikope zitamatana ndi manthongo, mphuno ili mamina okhaokha. Akakasamala bwino kamachira. Koma pakapita miyezi, diso lake limayambanso kufiira ndi kutuluka misozi. Kodi chimachitika n'chiyani?

Gwero la matendawa

Nthawi zambiri gwero lake ndi kachilombo kotchedwa feline herpesvirus. Amphaka amapatsirana poyetsemula, ponyambitana ndi podyera mbale imodzi. Ambiri amakatenga kwa mayi wawo akadali aang'ono. Kachilomboka ndi ka amphaka okha. Munthu sangakatenge, galu sangakatengenso.

Kakalowa m'thupi, mphaka amadwala chimfine ndi maso kwa sabata ziwiri kapena zitatu. Akachira, kachilomboka sikatha ayi. Kamakabisala m'mitsempha ya m'mutu imene imafika kumaso ndi kumphuno. Pa amphaka 10 amene adwalapo, pafupifupi 8 amakhala nako moyo wawo wonse.

Kamakhala phee ngati moto wobisala m'phulusa. Chimene chimakadzutsa ndi kufooka kwa chitetezo cha m'thupi. Mphaka amafooka akasamutsidwa, akakhala ndi njala kapena mantha, akamayamwitsa, akadwala matenda ena, kapena akapanikizana ndi amphaka ambiri. Pakatha pafupifupi sabata imodzi, kachilomboka kamatsika m'mitsempha muja n'kufikanso m'diso. N'chifukwa chake mphaka wotola amadwala atangofika pakhomo lachilendo, ngakhale akudya bwino.

Zizindikiro zake

Diso limafiira, limatupa ndiponso limatuluka misozi kapena manthongo. Mphaka amatsinzina diso limodzi ndipo amathawa kuwala. Nthawi zina pamwamba pa diso pamabuka kachilonda kopweteka kwambiri. Kakalekereredwa kamasiya chipsera chotuwa, ndipo diso likhoza kufa.

Kasamalidwe kake

Wiritsani madzi, muwasiye azizire. Viikanimo thonje loyera, mupukute diso pang'onopang'ono kuchokera kufupi ndi mphuno kupita chakukhutu. Manthongo ouma musawakanganule. Ikanipo thonje lonyowa kwa kanthawi kuti afewe. Diso lililonse likhale ndi thonje lakelake. Chitani zimenezi kangapo pa tsiku, ndipo mukatha sambani m'manja ndi sopo.

Mphaka wotseka mphuno samva fungo, choncho amakana kudya. Mupatseni chakudya chofewa ndi chofunda, monga nsomba yophika yopanda mchere ndi minga. Madzi akumwa asasowe.

Mupezereni malo abata, ouma ndi ofunda, kutali ndi utsi wa kukhitchini. Ana asamamuthamangitse. Pamene akudwala, asakhale pamodzi ndi amphaka ena. Mbale zake zitsukidwe ndi sopo tsiku lililonse. Kunja kwa thupi kachilomboka sikakhalitsa, kamafa tsiku lisanathe.

Za mankhwala

Palibe mankhwala ochotseratu kachilomboka, koma alipo ochepetsa mphamvu yake, monga famciclovir. Dokotala wa ziweto amaperekanso mankhwala opaka m'maso opha mabakiteriya amene amapezerapo mwayi pa diso lodwala. Katemera wa chimfine cha amphaka amayamba mphaka akakwana sabata 8 kapena 9, ndipo amabwerezedwa pakapita sabata 3 kapena 4. Katemerayu satsekereza kachilomboka, koma amathandiza kuti mphaka asadwale modetsa nkhawa.

Chonde, musamwetse mphaka Panado, chifukwa m'bulu umodzi wokha ukhoza kumupha. Musamudonthezere mankhwala a maso otsala kwa anthu, chifukwa ena amakulitsa chilonda cha m'diso. Musathiremo madzi a zitsamba.

Thamangirani kwa dokotala kapena mlangizi wa ziweto ngati diso latuwa, latsekeka, latupa kwambiri, kapena mphaka watha tsiku lathunthu osadya. Ku Lilongwe, bungwe la LSPCA lili ndi chipatala cha ziweto. Mukapita, funsaninso za katemera wa chiwewe.

Tikambirane

1. Kodi kachilomboka kamabisala kuti mphaka akachira?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene zimakadzutsa.
3. N'chifukwa chiyani diso lililonse liyenera kukhala ndi thonje lakelake?
4. Ndi mankhwala ati a anthu amene amapha mphaka?
5. Kwanuko, anthu amatani akaona mphaka wodwala maso?

Tikumbukire

Mphaka wokhala ndi kachilomboka akhoza kukhala zaka zambiri ali wamphamvu, akuteteza chimanga chathu ku makoswe. Diso likayambiranso, sikuti chisamaliro chanu chalephera. Musamutaye. Mupukuteni m'maso, mumudyetse, mumupatse mtendere, ndipo zikavuta pitani naye kuchipatala cha ziweto msanga.