Kadimba ka nyengo yozizira kuno ku minda ya tiyi

Mvula ikamathera mu Epulo, tiyi amayamba kuphukira mwaulesi. Amene amathothola ku Satemwa, Conforzi, Naming'omba kapena Makwasa amadziwa zotsatira zake: makilogalamu amatsika, ena ntchito imaima mpaka mvula ina, koma ana sasiya kufunsa ndiwo. Nthawi yoyamba dimba ndi yomweyi, nthaka ikadali ndi chinyontho. Mukadikira Juni mudzavutika ndi kheni.

Malo kuno ku Thyolo ndi osowa, tonse tikudziwa. Komabe mabedi atatu, lililonse mita 1 m'lifupi ndi mamita 3 m'litali, angathandize banja pa ndiwo zamasamba. Ngati mukukhala m'nyumba za esiteti, pemphani kaye kwa akapitawo musanagwire khasu. Ngati munda wanu uli pamtsetse, mabedi adutse chopingasa, ndipo musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje.

Nkhani yaikulu ndi dothi. Tiyi amakonda nthaka ya asidi wambiri, n'chifukwa chake amachita bwino kuno. Kabichi, repu, tchainizi ndi mpiru safuna zimenezo. M'nthaka yotere amapinimbira, ndipo kabichi nthawi zina amatupa mizu n'kumafota masana ngakhale mwathirira. Ambiri amathamangira feteleza, chonsecho mankhwala ake ali pamafuwa. Sungani phulusa la nkhuni pamalo ouma, muwaze manja awiri odzaza pa mita iliyonse ya bedi, mugalauze. Pakatha sabata thirani ndowa imodzi ya manyowa owolerana pa mita iliyonse. Phulusa ndi zitosi za nkhuku zaziwisi musaziphatikize, mphamvu ya manyowa imauluka. Ndiponso zitosi zosawola zimawotcha mbande. Phulusa lochokera pamene munawotchapo mapulasitiki litayeni.

Fesani njere pa kanazale, mufunditse ndi udzu wouma, ndipo muuchotse zikangomera. Pakatha masabata 3 kapena 4, mbande zikakhala ndi masamba anayi, wokerani madzulo dzuwa litapepa. Mpiru ndi repu zitalikirane masentimita 30, kabichi 60. Kaloti ndi nsawawa sizifuna kuwokera, fesani pabedi pomwepo. Ine ndimakonda kuti nsawawa zisasowe, chifukwa zimapirira kuzizira komanso zimasiya nthaka yachonde.

Tomato ndiye ndikuchenjezeni. Chiperoni cha mu Juni ndi Julaye, kamvula kowaza kaja ndi nkhungu ya masiku angapo, chimabweretsa chiwawu: masamba amada ngati apsa, ndipo bedi lonse likhoza kutha m'sabata imodzi. Ngati mulibe ndalama ya mankhwala, dikirani Ogasiti. Chiperoni chomwecho kwa mpiru ndi dalitso, masiku amenewo kheni apume. Masiku ena thirirani m'mawa, patsinde osati pamasamba, ndipo yalani udzu pabedi kuti madzi asamauluke.

Nsabwe zimabisala kunsi kwa masamba. Yang'anani kawiri pa sabata. Zikangoyamba, sungunulani kachidutswa ka sopo wochapira m'ndowa ya madzi, muwaze madzulo. Mbande ikapezeka yodulidwa patsinde, fukulani ndi chala pafupi pomwepo, mbozi yake muipeza itadzipinda m'dothi.

Musafese paketi yonse tsiku limodzi. Fesani pang'ono masabata atatu aliwonse, apo ayi masamba adzakhwimira pamodzi, mudzapita nawo ku msika wa Bvumbwe kapena Luchenza n'kupeza aliyense wanyamula omwewo. Pothyola yambani ndi masamba a m'munsi, nsonga muisiye. Otsala afutseni, muwayanike pathandala dzuwa likawala, musunge mfutso wa mu Okutobala ndi Novembala pamene madzi adzakhale atachepa m'zitsime.

Amayi ndi abambo, yambani kusunga phulusa lero, ndipo Epulo asanathe nazale ikhale itamera.