Nkhani ya Kamkwamba Yosimbidwa Theka

Mayeso a Sitandade 8 atayandikira, aphunzitsi aakulu a pasukulu ina yakumudzi anaitana mlendo kuti adzalimbikitse ana. Mwambo umenewu ndi wabwino, ndipo ine ndimauikira kumbuyo. Mwana amene kwawo amangomva kuti "ndiwe mbuli", tsiku limene munthu wamkulu wamuuza kuti angathe, amasintha ndi kayendedwe komwe.

Mlendoyo anasimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene analeka sukulu pa njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina oyendera mphepo otulutsa magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotola kudzala ndi njinga ya bambo ake. "Mwaona ana inu? Mnzanuyu sanadikire satifiketi!" Ana anawomba m'manja mpaka kalasi yonse kugwedezeka.

Kumbuyo kunakhala mnyamata wa luso m'manja, wokonza matochi ndi mawailesi a m'mudzi. Iye anatolapo chimodzi chokha: sukulu ndi yotaya nthawi. Mayi ake anamudandaulira, "Mwanangu, lemba kaye mayesowa." Iye anayankha, "Amayi, nanga Kamkwamba analemba?"

Analemba ndithu, ndipo anakayamba sekondale ku Kachokolo. Apa ndi pamene mlendo uja anadumpha. Kamkwamba sanaithawe sukulu; makolo ake anasowa fizi chifukwa m'nkhokwe munalibe kanthu. Atakhala pakhomo ankapita kukalaibulale kakang'ono ka ku Wimbe kukabwereka mabuku a sayansi, limodzi mwa iwo lotchedwa Using Energy. Chingerezi chinkamuvuta, koma ankatsata zithunzi mpaka kumvetsa. Mwayi utapezeka anabwerera m'kalasi, anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America. Zonsezi zikanatenga mphindi ziwiri kuzinena. Chimandipweteka n'chakuti mphunzitsi aliyense amene analipo akanatha kuwonjezera mlendo atakhala pansi, koma palibe anatero.

Mnyamata uja mayeso sanalembe. Anapeza ganyu yotchaja mafoni pamsika, ndipo ankaigwira bwino. Patapita zaka, kampani ina yoika magetsi a dzuwa inabwera kudzafuna achinyamata oti iwaphunzitse ntchito. Anavala malaya ake abwino, nanyamula wailesi imene anaikonza yekha kuti akawaonetse. Pachipata anamufunsa satifiketi ya MSCE. Amene analowa ndi anzake aja ankabwera kwa iye kudzakonzetsa matochi.