Chigodola cha Ng'ombe m'Chigawo cha Midlands: Moyo ndi Mayendedwe a Kachirombo ka Theileria parva

Mawu Oyamba

M'dzinja la 2017 ndi 2018 ng'ombe zoposa 50,000 zinafa m'dziko la Zimbabwe ndi matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa, ndipo nthenda imene inapulula zambiri ndi imene kumeneko amati nthenda ya Januwale. M'zaka zotsatira nthendayi inafika m'maboma a chigawo cha Midlands monga Chirumhanzu, Shurugwi, Zvishavane ndi Mberengwa. Imeneyi ndi mtundu umodzi wa nthenda imene ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia amati chigodola cha ng'ombe.

M'matauni a migodi a chigawochi muli mabanja ambiri olankhula Chichewa, ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete kudzagwira ntchito. Ntchito itayamba kusowa, makamaka fakitale ya Ziscosteel ku Redcliff italeka kupanga chitsulo mu 2008 ndi mgodi wa Shabanie ku Zvishavane utafooka, ena mwa iwo anatembenukira ku khasu ndi ziweto. Ambiri anakulira m'komboni, sanakule ndi ng'ombe. Munthu wotere akataya ng'ombe ziwiri ndiye kuti wataya penshoni yake ndi mphamvu zake zolimira. Akauzidwa kuti apite ku dibi sabata iliyonse amafunsa chifukwa chake, ndipo funso lakelo ndi loyenera. Phunziro lino likupereka yankho kuchokera pa zimene ofufuza apeza za kachirombo koyambitsa nthendayi.

Kachirombo ka Selo Limodzi

Dzina lake ndi Theileria parva. Thupi lake lonse ndi selo limodzi, ndipo pamene kakulowa mu ng'ombe kamakhala kochepa kwambiri moti tizirombo 1,000 titandanda pamzere tingakwane milimita imodzi yokha. Ndi kachibale ka kachirombo koyambitsa malungo. Kusiyana kwake ndi uku: ka malungo kakalowa m'thupi la munthu kamadzikhwekhwereza kokha mpaka kupeza njira ya kuchiwindi, pamene ka chigodola kakatuluka m'malovu a nkhupakupa sikatha kuyenda konse. Kulikonse kumene kafika kamachita kunyamulidwa, ndi nkhupakupa, ndi magazi, ndi ng'ombe, ndiponso ndi lole ya wogula ng'ombe. Mlangizi akamvetsa mfundo imeneyi, malamulo onse a dibi ndi a kasamutsidwe ka ziweto sakhalanso ovuta kufotokoza.

M'thupi la Ng'ombe

Nkhupakupa yonyamula kachiromboka ndi yofiirira ija yokonda kuunjikana m'makutu, imene akatswiri amati Rhipicephalus appendiculatus. Ikalavulira tizirombo pabala, tizirombo timakumana ndi maselo oyera a m'magazi, asilikali a thupi, amene athamangira pamalopo. Ofufuza a bungwe la ILRAD ku Nairobi anaona ndi makina amphamvu oonera tinthu ting'onoting'ono kuti kachirombo sikaboola selo. Kamangomatirira pakhungu lake, khungulo n'kumakakuta pang'onopang'ono monga momwe zipi amatsekekera, ndipo m'mphindi zochepa kamakhala kali m'kati.

Kakalowa kamachita chinthu chodabwitsa. Kamalamula selo kuti lizigawikana kosalekeza ngati selo la khansa. Nthawi iliyonse selo likamagawikana, kachirombo kamadzikoleka pa timitsitsi timene selo limakokera zigawo zake mbali ziwiri, nako n'kugawikana, kotero kuti maselo awiri atsopanowo amatuluka ali ndi kachirombo onse. Sikasowa kutuluka kukafuna selo lina. Maselo odwalawo ndi amene amakayendetsa, kuchokera m'mwanabere wa pansi pa khutu kupita ku anabere ena, ku kapamba, ku chiwindi ndi ku mapapo.

Zizindikiro zimatsata ulendo womwewu. Patapita sabata imodzi kapena ziwiri nkhupakupa italuma, mwanabere wa pansi pa khutu amatupa, kenaka wa kutsogolo kwa phewa. Thupi limatentha kufika madigiri 40 mpaka 42. Ng'ombe imaleka kudya, imatuluka misozi, maso nthawi zina amachita mtambo. Pomaliza mapapo amadzaza madzi, ng'ombe imapuma movutika, ndipo imafa ikutuluka thovu m'mphuno, kawirikawiri m'sabata yachitatu kapena yachinayi.

Mankhwala a buparvaquone amapha kachirombo kali m'kati mwa selo, ndipo kakafa selolo limaleka kugawikana. Koma mankhwalawa sabweza mapapo amene awonongeka kale. Alimi ambiri amadikira mpaka ng'ombe itagona pansi ndiye n'kukagula mankhwala okwera mtengo chotere, kenaka n'kumati mankhwalawo ndi achabe. Nthawi yobaya ndi pamene mwanabere watupa ndi thupi latentha, ng'ombe ikadayenda. Mlangizi aphunzitse mlimi kupapasa pansi pa khutu ndi dzanja m'mawa potulutsa ng'ombe m'khola. Ntchitoyi sifuna ndalama.

M'thupi la Nkhupakupa

Patapita masiku, tizirombo tina timachoka m'maselo oyera kulowa m'maselo ofiira, ndipo m'menemo ndi m'mene nkhupakupa imatitenga poyamwa magazi. Nkhupakupa ya m'makutu imayamwa katatu pa moyo wake, nthawi iliyonse pa nyama ina: ikangoswedwa kumene, ikasinkhukirapo, ndi ikakula. Ikakhuta imagwa pansi ndi kufundula. M'matumbo mwake tizirombo tatimuna ndi tatikazi timakumana, ndipo kamene kabadwa pamenepo ndi kokhako pa moyo wonse wa Theileria kamene kamayenda ulendo ndi mphamvu zake. Ulendowo ndi waufupi: kuchokera m'matumbo kufika m'timatumba topanga malovu. Kakafika kamangokhala phee, ngakhale kwa miyezi yambiri, kudikira kuti nkhupakupa ilumenso.

Apa pali zinthu zofunika kwambiri pa ntchito ya mlangizi. Nkhupakupa ikaluma, kachirombo sikatuluka tsiku lomwelo. Kuyamwa ndi kumene kumakadzutsa, ndipo kamayamba kuchulukana mpaka selo limodzi la m'timatumba ta malovu litadzaza ndi tizirombo toposa 30,000. Zimenezi zimatenga masiku awiri kapena atatu, nthawi zina kupitirira. Nkhupakupa ikafa masiku amenewa asanakwane, ng'ombe yapulumuka. Dibi ya sabata iliyonse m'dzinja yatsamira pamenepa: mankhwala amakhala ndi mphamvu pakhungu kwa masiku angapo, ndipo masiku otsalawo ndi ochepa kuti nkhupakupa yatsopano imalize ntchito yake. Mlimi wodumphitsa sabata imodzi wapatsa kachirombo nthawi yonse imene kamafuna. M'dera limene mwabuka nthenda, nthambi yoona za umoyo wa ziweto ku Zimbabwe inakhazikitsa ndondomeko ya 5-5-4, kutanthauza kusambitsa pakatha masiku asanu, asanu enanso, kenaka anayi. Kufupikitsa masiku kuli ndi chifukwa chinanso: zoyesayesa zinaonetsa kuti kutentha kwambiri kungakhwimitse tizirombo nkhupakupa isanalume n'komwe.

Ng'ombe yolumphira m'dibi kawirikawiri imatuluka m'kati mwa makutu muli mouma, chonsecho ndimo mokhala nkhupakupa imeneyi. N'chifukwa chake mafuta opaka m'makutu ndi pansi pa mchira ali mbali ya dibi yeniyeniyo.

Chinthu china n'chakuti kachirombo sikalowa m'mazira. Nkhupakupa yaikazi imaikira mazira zikwi zingapo, koma tiana tonse timaswedwa tilibe nthenda. Kuti titenge, tiyenera kuyamwa ng'ombe kapena njati yokhala ndi kachirombo. Ndipo nkhupakupa yonyamula kachirombo ikayamwa mbuzi kapena nkhosa imakataya pachabe, chifukwa sikakula m'ziweto zimenezi. Kale ku South Africa ankachotsa ng'ombe pafamu kwa miyezi 15 mpaka 18, msipu n'kuyera. Mbuzi sizidwala, komabe zimadyetsa nkhupakupa ndi kuzichulukitsa.

Dzina lakuti nthenda ya Januwale likuchokeranso kwa nkhupakupa. Ku Zimbabwe zazikulu zimabisala m'chilimwe ndi kutuluka mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Komabe mlangizi asauze mlimi kuti mvula ikatha ngozi yatha, popeza nkhupakupa zosinkhukirapo zimayamwa m'miyezi yozizira ndipo nazonso zimapatsira.

Kumene Kanachokera ndi Momwe Kamasinthira

Mwini wake weniweni wa Theileria parva ndi njati. Awiriwa akhala limodzi kwa nthawi yaitali kwambiri moti njati imakanyamula osadwala. Ng'ombe ndi mlendo, ndipo ndiyo imafa. Mu 2005 ofufuza a ku America pamodzi ndi a bungwe la ILRI ku Nairobi anafalitsa ndondomeko yonse ya majini a kachiromboka, majini pafupifupi 4,000. M'kati mwake, monganso mwa ka malungo, muli kachiwalo kotsalira kochokera ku ndere, umboni wakuti makolo ake akale kwambiri ankadzipangira chakudya ndi dzuwa asanayambe kudalira nyama.

Kuno kum'mwera chigodola chinabwera ndi sitima. Mliri wa 1896 utatha ng'ombe, atsamunda anayamba kuitanitsa zina, ndipo mu 1901 ng'ombe zochokera kugombe la kum'mawa kwa Africa zinalowa kudzera pa doko la Beira zili ndi kachirombo. Nthenda inabuka ku Umtali, kumene tsopano ndi Mutare, ndi kutsata misewu ya ngolo. Robert Koch anaitanidwa ku Bulawayo mu 1903. Mu 1904 Charles Lounsbury anatsimikiza kuti yofalitsa ndi nkhupakupa ya m'makutu, ndipo Arnold Theiler, amene kachiromboka kanatengera dzina lake, anaonetsa kuti ndi nthenda yosiyana ndi ya mkodzo wofiira. Dibi yokakamiza inayamba mu 1914, ndipo chigodola chochokera kugombecho chinatha m'dzikomo mu 1954. Koma mu 1936 anali atazindikira kale mtundu wina wobuka m'dzinja, umene sunathe. Umenewo ndiwo nthenda ya Januwale. Dibi ikasokonekera nkhupakupa zimabwerera msanga: pa nkhondo ya m'ma 1970 ng'ombe pafupifupi miliyoni imodzi zinafa m'madera a kumidzi, zambiri ndi matenda a nkhupakupa.

Mtundu wochokera kwa njati mwachindunji umapha ng'ombe msanga, kawirikawiri tizirombo tisanachuluke m'maselo ofiira, choncho nthendayo imathera pa ng'ombe imeneyo. Mitundu yozolowera ng'ombe ndi yoopsa mwa njira ina. Ng'ombe yochira imakhalabe ndi tizirombo tochepa m'magazi kwa miyezi kapena zaka, ikuoneka yonenepa bwino. Ng'ombe yotere ikagulidwa pamsika, ikaperekedwa pa malowolo, kapena ikakwezedwa pa lole usiku popanda chilolezo, kachirombo kosatha kuyenda ngakhale milimita imodzi kamadutsa makilomita mazana. Chilolezo cha a zoweta ndi kalata ya apolisi ndi mpanda wotchinga ulendo umenewu. Ng'ombe yatsopano isambitsidwe isananyamuke, isambitsidwenso ikafika, ndipo ikhale payokha kwa sabata zosachepera zinayi.

Za Katemera

Katemera wa chigodola ndi tizirombo tamoyo. Njira yake inakonzedwa ku Muguga m'dziko la Kenya m'ma 1970: ng'ombe imabayidwa tizirombo pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline, imadwala pang'ono, n'kukhala yotetezedwa. Chitetezocho chimagwira bwino pa mtundu umene unabayidwa ndi ofanana nawo. N'chifukwa chake kum'mawa kwa Zambia kuli katemera wa mtundu wa Katete, kum'mwera kwa dzikolo wa Chitongo, ndipo wa Muguga anapangidwa ku Lilongwe. Wa ku Zimbabwe ndi BOLVAC, wochokera ku mtundu wa Boleni wa m'dziko momwemo, amene anayambanso kupangidwa ku Harare mu 2022.

Mabanja a ku Kwekwe, Shurugwi ndi Zvishavane amayenderana ndi abale awo a ku Malawi ndi ku Zambia, ndipo mlimi wina angaganize zoitanitsa katemera kwawo. Mlangizi akanize zimenezi mosabisa mawu. Katemerayu amasungidwa mu naitirojeni yamadzi, ndipo sangapirire ulendo wa pa basi. Akafika wamoyo ngozi ndi yaikulu koposa, chifukwa ng'ombe yobayidwayo imasanduka yonyamula mtundu wachilendo. Nkhupakupa imodzi ikayamwa mitundu iwiri, mitunduyo imakwatirana m'matumbo mwake ndi kubala wina wa majini osakanikirana, umene chitetezo cha ng'ombe za m'deralo mwina sichingauzindikire. Ng'ombe yolandira BOLVAC nayo ipitirize kupita ku dibi, popeza katemerayu sateteza ku matenda ena a nkhupakupa monga a mkodzo wofiira, a ndulu ndi a madzi a mumtima.