Droni ya kalabu: kugula yogwirapo kale ntchito ndi kuifikitsa ku Nambuma

Alimi anzanga a ku Nambuma ndi madera ozungulira, kapepala aka kakunena za droni, kandege kopanda munthu mkati, ka mapiko anayi ozungulira ndi kamera kumimba. Wokayendetsa amaima pansi, limoti ili m'manja, foni ikumuonetsa zonse zimene kandegeko kakuona kumwamba. Katsopano n'kodula, n'chifukwa chake kalabu kapena kopaletivi ingaganize zotuma m'bale wa ku Joni kuti aigulire kogwirapo kale ntchito. Maganizowo si oipa, koma ndalama za gulu zisatuluke musanamve izi.

Tindegeti si tachilendo m'dziko muno. Mu Malichi 2016 bungwe la UNICEF linayesa ku Lilongwe ngati droni ingathe kunyamula magazi a makanda kuchokera kuchipatala chaching'ono kupita ku Kamuzu Central kukapimidwa. Mu Juni 2017 boma ndi bungweli anatsegula malo oyeserera madroni ku Kasungu, otambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalo la ndege la kumeneko. Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe mothandizana ndi yunivesite ya Virginia Tech. Choncho ana athu odziwa ntchitoyi alipo.

Ntchito yake kumunda

Droni ya kamera ntchito yake ndi kuona basi. Siilima, siipalira, siithira feteleza. Koma chimanga chikafika m'chiuno, munthu woima kumalire sangadziwe zimene zikuchitika pakati pa munda. Kuchokera kumwamba mumaona mizere imene sinamere bwino, zigawo zachikasu pamene chakudya cha m'nthaka chachepa, pamene madzi akudikha, pamene kaufiti wafinya chimanga, ndiponso njira imene madzi adula akalozera n'kuyamba kukumba chigwembe. Pa mtedza, soya ndi nazale za fodya n'chimodzimodzi. Wodziwa kulumikiza zithunzi pa kompyuta angakuyezereninso kukula kwa munda, ndipo izi n'zofunika kwambiri, chifukwa ambirife timangoti ekala chonsecho sitinayezepo, n'kugula mbewu ndi feteleza mongoganizira.

Ntchemberezandonda yokha droni siingakuonereni. Mbozi imeneyi imabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga, ndipo masamba akafika poonekera kumwamba kuti ang'ambika, yadya kale. Kuyendera munda ndi miyendo m'mawa, kusuzumira m'nsonga, musasiye.

Alipo madroni akuluakulu opopera mankhwala, monga DJI Agras T30 yonyamula malita 30. Langizo langa n'lakuti musayambire pamenepo. Droni yotere imafuna jenereta, galimoto yoinyamula ndi munthu wodziwa bwino za mankhwala, ndipo mphepo ikaulutsa mankhwalawo n'kukagwera padimba la mnzanu kapena pachitsime, mlandu wake ndi wa kalabu yonse. Kakang'ono ka mtundu wa DJI Mini, kolemera magalamu 249, kapena Mavic, n'kokwanira poyambira.

Munthu kaye, kandege pambuyo

Musanasonkhe ndalama, sankhani mnyamata kapena mtsikana woti aphunzire, makamaka awiri, poti mmodzi akhoza kupita kutauni n'kukusiyani m'madzi. Funsaninso ku Malawi Civil Aviation Authority, amene amayang'anira zouluka zonse m'dziko muno, za kalembera wa droni ndi chilolezo cha woiyendetsa. Kwa ife a kuno zimenezi n'zosanyozera, chifukwa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi silili kutali, ndipo ndege zikuluzikulu zimatsika pofika kumeneko. Alangizi a m'dera lanu akhale nawo pa zokambiranazi.

Pogula

Apa ndi pamene ndalama zimatayikira. Droni yakale ikhoza kunyezimira kunja koma mabatire ake atatha, ndipo batire latsopano limodzi limadya gawo lalikulu la mtengo wa kandege konse. Uzani wokuguliraniyo aike batire lililonse patebulo losalala. Likamagwedera kapena likaoneka lotupa ngati chitumbuwa, alisiye, chifukwa lotere limatha kuyaka moto. Pa foni pamaoneka kuti batire latchajidwa kangati, ndipo lopitirira ka 200 ndi lotopa. Lamoyo limaulutsa kandege mphindi zapakati pa 20 ndi 30, choncho gulu limafunika mabatire atatu kuti ntchito ya m'mawa umodzi itheke.

Asalipire asanakaone kakuuluka. Kanyamuke, kaime malo amodzi osaseweraseweranso, kapite patali pang'ono, kenako adine batani lokaitanira kuti kabwerere kokha pamene kananyamukira. Chithunzi chikhale chowongoka ndi chosanjenjemera, poti kachipangizo kogwira kamera ndi kamene kamayamba kuthyoka droni ikagwa. Azungulitse injini iliyonse ndi chala n'kumvetsera ngati mukulira mchenga. Ayang'ane ming'alu m'miyendo ndi dzimbiri polowera batire.

Dzimbirilo ndi umboni wakuti inagwerapo m'madzi. Ndege zotera pamadzi zilipo. Droni ya kamera si mtundu umenewo. Ikamira imatha kuyakanso masiku angapo, kenako n'kuzima ili m'mwamba.

Chomaliza chimene ambiri amaiwala: madroni ambiri a DJI amamangiriridwa ku akaunti ya mwini wake. Wogulitsa aimasule pamaso pa wogula, apereke lisiti yolembedwa nambala ya droniyo, tchaja, limoti ndi mapiko apadera. Wokana kuchita zimenezi mwina akugulitsa yakuba.

Ulendo wobwera nayo

Droni imabwera kumudzi ili m'bokosi, siiuluka kudutsa malire. Pa basi, mabatire achotsedwe, akhale ndi moto wapakatikati, atsekedwe kukamwa kwake ndi tepi, ndipo akhale m'chikwama cha m'manja, osati pansi pa katundu kapena padzuwa. Pa ndege, mabatire apadera amaloledwa m'chikwama cha m'manja mokha. Pachipata cha Dedza, Mwanza kapena pabwalo la ndege, onetsani droniyo kwa a MRA, lipirani msonkho, sungani mapepala. Ndalama ya msonkhoyo muiwerengeretu pa bajeti ya gulu.

Ikafika

Tsiku loyamba si la kumunda, ndi la kwa amfumu. Pitani nayo, anthu aione, aigwire, aone nkhope zawo pa foni, amve chimene yabwerera. Chinthu cholira m'mwamba chimene anthu sanauzidwe chimabala mphekesera, ndipo mphekesera zapwetekesa anthu osalakwa m'dziko muno. Pamsonkhano womwewo gwirizanani malo oletsedwa. Kudambwe ndi kumanda droni isadutseko ngakhale pang'ono, ngakhale kamera itazimitsidwa. Chimodzimodzi kumtsinje kumene amayi amasamba, pamaliro, ndi pamwamba pa mipanda ya anthu. Munda wa munthu amene sali m'kalabu muyambe mwapempha.

Phunzirirani pabwalo la mpira ana ali m'kalasi, kutali ndi mawaya a ESCOM ndi mitengo ya bulugamu. Musakweze kupitirira mamita 120, amene ndi malire m'maiko ambiri, ndipo kandegeko kasachoke m'maso mwa wokayendetsa. Nthawi yabwino ndi m'mawa mphepo isanadzuke. Mwera wa mu Juni ndi Julayi ndi akamvuluvulu a mu Okutobala amakagwetsa kakang'ono, mvula ikangoyamba kuwaza katsitseni, ndipo kabawi akayamba kukazungulira musalimbane naye. Yalani mphasa ponyamukira kuti fumbi lisalowe mu injini.

Kotchajira mukonzeretu, kaya ndi sola ya gulu yokhala ndi inveta, kaya ndi pamsika pamene pali magetsi, ndipo batire likamatchajidwa pakhale munthu, kutali ndi denga la udzu ndi chigafa cha fodya. Mlembi asunge kope lolembamo tsiku, munda, woyendetsa ndi batire limene lagwira ntchito, ndipo aliyense wojambulitsa munda aziponya kangachepe m'thumba logulira mabatire ndi mapiko atsopano.