Mwana Wanu Si Mlendo M'kalasimo

Zikomo mayi athu a ku Rimuka, ku Kadoma, potilembera. Mwati mtsikana wanu wa Fomu 2 akukana kupita kusukulu poti anzake amamunena kuti ndi mbwidi, wobwera, wopanda kwawo. Pepani mayi, zoterezi zimalasa mtima wa kholo.

Mumuuze kuti ayende chodzutsa mutu. Agogo athu ochokera ku Malawi ankalowa pansi kumgodi wa golide wa Cam and Motor, ena ankaomba nsalu ku David Whitehead ku Chegutu. Thukuta lawo lili m'matauni amenewa. Komanso malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013, pagawo 6, amawerengera Chichewa pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo gawo 56 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chinenero kapena kumene anabadwira.

Tsono musangodandaulira m'nyumba. Kaonaneni ndi aphunzitsi a kalasi yake, kenako ahedi. Zikavuta, nkhaniyi ikafike kukomiti ya makolo, SDC. Mutu umodzi susenza denga, tenganani ndi makolo anzanu. Mukapemphenso kuti pamwambo wa chikhalidwe mu Meyi, ana achichewa apatsidwe bwalo mofanana ndi achishona ndi achindebele.

Mudzatilemberenso mayi, tidzamve mmene zayendera.