PHUNZIRO 7: MPHATSO KAPENA NGONGOLE? NDALAMA ZA ACHIBALE NGATI UMBONI POPEMPHA KUPITA KUNJA

Cholinga cha phunziroli

Tikamamaliza kukambirana, tikhale titadziwa kusiyanitsa ndalama yopatsidwa ndi ndalama yobwereka, pamene boma la dziko lina likufunsa mwana wathu kuti aonetse chuma chimene akadzisamalire nacho.

Mau oyamba

Abale ndi alongo, m'miphakati yathu yambiri muli mwana amene maso ake ali kunja. Wina akufuna sukulu ku Britain, wina akufuna kukakhazikika ku Canada. Maiko amenewa asanatsegule chitseko amayamba afunsa kuti: kodi munthuyu akafika kuno adzadya chiani, nanga adzagona kuti, ntchito asanaipeze? Yankho la pakamwa salandira ai. Amafuna pepala lochokera ku banki.

Ndalama zimene amatchulazo ndi zochuluka, moti ngakhale mphunzitsi kapena namwino amene wagwira ntchito zaka khumi sangazikwanitse yekha. Ndiye mbumba imakhala pansi. Malume agulitsa ng'ombe, azakhali a ku Johannesburg atumiza kangachepe, achimwene a m'tauni atapa pa ndalama zao zopumira ntchito. Kodi ndalama zosonkha chotere zimaloledwa? Inde zimaloledwa, malinga ngati ziri mphatso yeniyeni. Pa mau akuti "yeniyeni" amenewa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Zimene dziko la Canada limafuna

Kuyambira mu Januwale 2015, dziko la Canada limalandira anthu a luso ofuna kukakhazikika kumeneko kudzera mu njira yotchedwa Express Entry. Ambiri amene amapempha ali kwao ayenera kuonetsa ndalama zokayambira moyo, ndipo chiwerengero chake chimasintha chaka ndi chaka. Mu Julaye 2025 anaika madola a ku Canada 15,263 kwa munthu mmodzi, 19,001 kwa anthu awiri, ndi 28,362 kwa banja la anthu anayi. Pa mtengo wa ku banki wa chaka chimenecho, za munthu mmodzi yekha zinali pafupifupi K19 miliyoni. Powerenga banja amawerengera mkazi kapena mwamuna ndi ana omwe, ngakhale iwo atsale kuno kumudzi.

Lamulo lao limati ndalamazo zikhale zoti mwini wake angathe kuzitapa nthawi iri yonse, zoti zingathe kusamutsidwa kupita ku Canada, ndiponso zopanda ngongole kapena chomangira china chiri chonse. Zobwereka kwa munthu sizilandiridwa. Nyumba kapena munda suwerengedwa, ngakhale utakhala wa mtengo wotani, kufikira utagulitsidwa ndalama n'kulowa ku banki. Ndipo ndalamazo ziyenera kukhalapo pa tsiku lopempha komanso pa tsiku limene viza ikuperekedwa. Mphatso lamuloli silinailetse.

Umboni wake ndi kalata ya banki yotchula dzina la mwini akaunti, nambala yake, tsiku limene inatsegulidwa, ngongole zimene munthuyo ali nazo, ndalama zimene zirimo lero, ndi avereji ya ndalama zimene zakhala m'menemo pa miyezi 6 yapitayo. Masamu ake ndi a ku pulaimale. Tiyerekeze kuti akaunti yakhala ndi K200,000 kwa miyezi 5, kenaka mwezi wachisanu ndi chimodzi mwalowa K19 miliyoni. Avereji yake siifika ngakhale K4 miliyoni. Woona mapepala azindikira nthawi yomweyo kuti ndalamazi zangofika dzulo, ndipo afuna kudziwa kumene zachokera.

Ku Britain malume samudziwa

Wopempha viza ya sukulu ku Britain ayenera kuonetsa fizi ya chaka choyamba imene sanalipire, kuonjezapo ndalama zodyera za miyezi yosapitirira 9. Mu Novembala 2025 anaika mapaundi 1,529 pa mwezi kwa wophunzira ku London, ndi mapaundi 1,171 kwa wophunzira kunja kwa mzindawu. Ndalamazi zikhale m'akaunti masiku 28 otsatizana, osatsikako ngakhale tsiku limodzi, ndipo tsiku lomaliza pa pepala la banki lisapose masiku 31 kufika pa tsiku lopempha.

Chimene chimatidabwitsa ife ndi ichi: akaunti imene amalandira ndi ya wophunzirayo, ya kholo lomubala, ya womlera amene khoti linamuvomereza, kapena ya mwamuna kapena mkazi wake ngati akupita limodzi kapena ali kale kumeneko. Wogwiritsa akaunti ya kholo aonetsenso chikalata cha kubadwa ndi kalata ya khololo yovomereza. Kwathu kuno, makamaka kumene kuli chikamwini, malume ndiye mwini mbumba, ndipo mwina ndiye walipira fizi kuyambira ku sekondale. Koma pa lamulo la ku Britain buku lake la ku banki liribe ntchito. Chimodzimodzi bambo aang'ono, amai aakulu, ndi azakhali. Tichenjere kwambiri pamenepa. Mwana amene waleredwa ndi ang'ono a bambo ake amawaitana kuti "bambo", ndipo sakunama. Koma akalemba dzina lao pa fomu pa malo a kholo lomubala, kwa eni dzikowo wanama. Njira yoongoka ndi yakuti malume kapena bambo aang'onowo atumize ndalama ku akaunti ya mwanayo, zikhale m'menemo masiku onse ofunikawo, ndipo zikhaledi zake.

Kupatsa n'kuika

Makolo athu anati kupatsa n'kuika. Pakati pathu mphatso ndi ngongole zimagona mphasa imodzi. Malume akagulitsa ng'ombe ziwiri chifukwa cha mphwao, salemba pepala, satchulanso tsiku lobwezera, koma mumtima akudziwa kuti mwanayo akakakhazikika adzawakumbukira, adzaphunzitsa abale ake, adzafolera nyumba ndi malata. Kodi imeneyi ndi ngongole? Ife tikuona kuti ai. Kumeneku ndi kuyembekezera ubale, ndipo palibe boma limene limaletsa mwana kuthokoza amene anamlera.

Koma pali kupatsa kwina kumene kuli ngongole yovala malaya a mphatso. Mwana amauzidwa kuseri kuti: "Tenga ukaonetse, viza ikatuluka ubweze, chifukwa ndi za feteleza." Kapena: "Ukangoyamba ntchito uzitumiza mwezi ndi mwezi mpaka zitakwana, ndi kena pamwamba." Pamenepo pali pangano lobweza, ndipo kaya pangano lalembedwa kaya silinalembedwe, ndalamazo ziri ndi chingwe.

Muyeso wabwino ndi uwu. Tiyerekeze kuti mwanayo wafika ku Toronto, ntchito yosowa, ndipo m'miyezi 6 ndalama zonse zathera lendi, chakudya ndi zovala za nyengo yozizira. Kodi woperekayo adzati "zinagwira ntchito imene ndinaperekera", kapena adzakaima pa khomo la amake a mwanayo kudzalonjerera? Ngati adzalonjerera, imeneyo siinali mphatso. Funso limeneli lifunsidwe poyera, ankhoswe ndi akuluakulu a mbumba ali pomwepo, ndalama isanachoke m'manja. Tikudziwa kuti ndi lochititsa manyazi kufunsa malume maso ndi maso. Komatu manyazi a tsiku limodzi ndi opepuka poyerekeza ndi chidani chimene chimatsala pamene abale ayamba kuwerengerana ng'ombe pa maliro.

Tiganizirenso woperekayo. Pali amai amasiye amene amagulitsa munda wokhawo umene amadyerapo, mwina munda umene suli wao okha koma wa mbumba yonse. Pali makolo amene amakatenga katapila, kapena kukongola ku banki m'khonde, n'kumpatsa mwana kuti ndi mphatso. Pa pepala mwanayo alibe ngongole, koma ngongoleyo yatsala pa msana pa amake, ndipo chiwongoladzanja chikukwera mwezi uli wonse pamene iye akadali kufunafuna ntchito. Mwana wotere sagona tulo, ndipo amavomera ntchito iri yonse, ngakhale yoletsedwa ndi viza yake. Ife sitingalimbikitse mphatso yotere, ngakhale itadutsa pa maso pa woona mapepala.

Ndalama zongoonetsa

M'matauni muli madobadoba amene amati angathe "kukonza" pepala la ku banki. Ena amaika ndalama zao m'akaunti ya mwana kwa masabata angapo, n'kulipiritsa, kenaka n'kuzichotsa. Ena amangosindikiza pepala labodza pa kompyuta. Oona mapepala ali ndi ufulu wofunsa ku banki ngati kalatayo inachokeradi kumeneko.

Chilango chake si kukanidwa kokha. Gawo 40 la lamulo la ku Canada loona za olowa m'dziko limati wopezeka kuti ananama kapena anabisa mfundo yofunika aletsedwe kwa zaka 5. Zilibe kanthu kuti amene analemba fomu ndi dobadoba. Mlandu umagwera mwini dzina. Bodzalo likaululika munthu atafika kale, angathe kulandidwa chilolezo chokhala m'dzikomo n'kubwezedwa. Ku Britain wogwidwa ndi chinyengo popempha viza angathe kukanidwa kwa zaka 10. Komanso maiko a Canada, Britain, America, Australia ndi New Zealand amagawana zidindo za zala za anthu opempha, ndipo mafomu a ena mwa maikowa amafunsa ngati munthu anakanidwapo kwina. Kuthamanga sikufika.

Tisaiwale chifukwa chimene lamuloli linaikidwira. Munthu wofika kumene amalipira lendi ntchito asanaipeze, ndipo satifiketi za kuno, monga za unamwino kapena uphunzitsi, kawirikawiri zimayamba zaunikidwa asanaloledwe kugwira ntchito yake. Ku Toronto mwezi wa Januwale madzi amaundana panja. Mwana amene wabweza "zongoonetsa" asanakwere ndege amatsika ali chimanjamanja m'dziko limene alibe azakhali oti akagogode pa khomo pao. Wonamizidwa weniweni si boma la Canada ai, koma mwanayo.

Kwa ife akhristu palinso china. Kalata ya mphatso imasainidwa molumbira. Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu silifooka chifukwa choti amene tikumnamizayo ali kutali ndipo sitidzaonana naye.

Ngati tagwirizana kuti ndi mphatso

Woperekayo alembe kalata yotchula dzina lake, dzina la wolandira, ubale wao, kuchuluka kwa ndalama, tsiku limene zaperekedwa, kumene iye anazipeza, ndi mau omveka akuti sizidzabwezedwa. Akaisainire pamaso pa loya kapena majisitireti amene ali ndi mphamvu yolumbiritsa. Ngati opereka ali atatu, makalatanso akhale atatu. Wopemphayo aonjezepo kalata yake yaifupi yofotokoza ndalama zazikulu zimene zaoneka m'akaunti. Tidziwe kuti kalata yokha siitsekera woona mapepala kukaika. Chimene chimamkhutiritsa ndi mapazi a ndalamazo.

N'chifukwa chake ndalama zidutse ku banki, kuchoka m'akaunti ya wopereka kulowa m'akaunti ya wolandira, osati m'thumba la jumbo. Tisunge mapepala a ku okushoni ngati zachokera ku fodya, kalata yogulitsira ng'ombe kapena nyumba, mapepala a penshoni, ndi malisiti a ndalama zotumizidwa kuchokera ku South Africa. Ngakhale mabanki athu omwe, potsatira lamulo la 2017 lolimbana ndi milandu ya zachuma, amafunsa gwero la ndalama zambiri zikalowa nthawi imodzi. Tisakhumudwe akatifunsa. Ndipo ngati n'kotheka mphatso iperekedwe msanga, miyezi 6 nthawi yopempha isanakwane, kuti avereji ija idzilankhulire yokha.

Chomaliza ndi kwacha yathu. Umboni umawerengedwa m'madola kapena m'mapaundi, pamene ndalama zathu ziri m'makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Banja limene linasonkha zokwanira ndendende pa nthawi imeneyo linadzuka m'mawa zitaperewera, popanda amene watapako tambala. Choncho tisasonkhe zongofika pa mzere, pakhale zapamwamba. Tifunsenso ku banki nthawi ikadalipo za m'mene makwachawo angasinthidwire, popeza m'zaka za 2022 mpaka 2025 ndalama zakunja zinali zosowa m'mabanki. Ziwerengero zonse zimene tatchula zimasinthasintha, ndiye wopempha aone zatsopano pa tsamba la intaneti la boma la dziko limene akupitako, osati kwa dobadoba.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kwathu kuno, kodi timadziwa bwanji kuti ndalama imene wachibale wapereka ndi yopatsa kapena yobwereketsa? Ndani amene amatchula, ndipo amatchula liti?

2. Mnyamata wapeza malo a sukulu ku Britain. Malume ake akuti ampatsa ndalama zonse, koma viza ikangotuluka abweze theka kuti agulire feteleza. Mnyamatayo wabwera kwa inu ndi kalata ya mphatso kuti mukhale mboni. Mudzamuuza chiani iyeyo? Nanga malume akewo mudzawafikira bwanji?

3. Ngati munda umene ukugulitsidwa ndi wa mbumba yonse, ndani ayenera kufunsidwa asanaugulitse? Nanga ana otsala, amene nawonso akufuna fizi, mau ao amveka kudzera mwa yani?